Chala Chaching'ono cha Mayi Ozella

Tallow Creek, Mississippi
11 Juni 1956

Wokondedwa mwana wanga Verlean,

Moni kwa iwe ndi amuna ako a Lutrell. Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale kukhulupirira kwake ndi kwa mumdima, chifukwa kalata yako yomaliza inafika thonje lisanamere ndipo pano lafika m'mawondo. Ndinamva pa wailesi kuti ku Chicago kwapsa nyumba. Sanatchule mwini wake, ndiye ine ndangoti ndi yanu. Undiyankhe msanga ndidziwe ngati ndilire kapena ndileke.

Kuno tili bwino, kupatula bondo langa ndi nkhani imene ndikulembayi.

Ukudziwa kuti chiwaikireni m'manda Abusa Gaddis tinalibe m'busa. Tsopano kwabwera Abusa Hatchett, munthu wa msinkhu wa amuna ako, amene pakati pa sabata amameta anthu m'tauni. Kulalikira amatha. Vuto ndi ine. Abusa Gaddis akafika kumapeto kwa ulaliki, paja m'busa amayamba kukoka mawu moyimba, mawu awo ankagwera pa kiyi ya F, n'kundipeza ine ndi zala zanga tili pomwepo kuwadikira. Iwo akakoka, ine ndinkayankha ndi piyano, mpingo n'kuvomera. Kiyi ina sindinaiphunzire chifukwa sindinaifunepo. Anthu a kuno tawabatiza pa F, tawakwatitsa pa F, tawaika m'manda pa F, ndipo palibe anabwerako kudzadandaula.

Abusa atsopanowa alibe pokhazikika. Lamulungu lino mawu awo ali apa, linalo ali apo. Dzulo ndinawasaka pa mabatani oyera, ndinawasaka pa akuda, ngati munthu wosaka nkhuku yolowa pansi pa nyumba. Nditatopa ndinangogunda F wanga. Anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndawaponda chala chodwala. Ndinachotsa manja, iwo anamaliza okha, ndipo ma Ameni anali owerengeka ngati mano a nkhalamba.

Titatuluka, Adikoni Mabry ananditengera pambali pa mpope wa madzi.

"Mlongo Ozella," anatero, "mukudziwa kuti Mayi Hatchett anaphunzira piyano kusukulu? Amawerenga nyimbo papepala."

Ine ndinati ndamva.

"Ife adikoni tagwirizana kuti tione pa Lamulungu la Obwera Kwawo. Zikakanikanso pamaso pa alendo, ndiye kuti mupume."

"Ndipume ndatopa ndi chiyani?"

"Tatopa ndife, mlongo."

Ndiye waona, mwanawe. Lamulungu lomaliza la Ogasiti, inu nonse a ku Chicago ndi ku Detroit mutadzaza tchalitchi ndi zipewa zanu, ndi pamene amayi ako adzaweruzidwe. Pampando wa piyano uja ndinayamba kukhalapo ndili ndi pakati pa iwe. Akandichotsapo ndikakhala pa benchi la amayi achikulire, pafupi ndi Arzula Pickens, amene amapemphera diso limodzi lili chitsegulire.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. A Lutrell amaimba limba m'tchalitchi lalikulu. Uwafunse chimene munthu amachita m'busa akakhala wosagwirika. Usawauze kuti ndimadziwa F yekha, ndichita manyazi. Kapena uwauze, chifukwa akapanda kudziwa andilembera zimene sindingathe.

Mbaula ya gasi ija uzizimitsa ukamatuluka.

Ndine mayi ako,
Ozella Crume

Chicago
24 Juni 1956

Okondedwa Amayi,

Moni. Tili moyo tonse awiri ndipo nyumba yomwe inapsayo si yathu. Amayi, Chicago ndi wamkulu. Kuno nyumba ikapsa sitimva n'komwe, timamvera kwa inu. Sindinalembe chifukwa kochapa zovala kuja atiwonjezera ntchito, ndikamafika kunyumba manja amakhala atakana cholembera. Bondolo mukulipaka mankhwala aja kapena mukuwasungira alendo?

Za Adikoni Mabry zandipsetsa mtima. Munthu amene amayamba nyimbo ina mpingo uli pa ina, lero akudziwa za piyano? A Lutrell ndawauza zonse, za F zomwe. Sanaseke kwambiri. Akuti alemba okha, ndiye ndikuwapatsa pepalali.

Apongozi, moni. Musade nkhawa, matenda amenewa ndawachizapo ambiri. Chitani izi.

Ikani chala chachikulu pa F, chapakati pa A, chaching'ono pa C, monga mwa masiku onse. Tsopano chaching'onocho chitambasuleni, chikwere pa batani lakuda loyandikana nalo kumanja. Ziwiri zinazo zisasunthe. Kagwiridwe kameneka kuno timati ogimentedi. Ubwino wake ndi woti kalibe kwawo, kamagogoda pa makomo atatu nthawi imodzi. Pa piyano yonse kalipo ka mitundu inayi yokha, kwinako ndi komweko katangosintha malaya. Choncho kiyi iliyonse imene abusa angathawireko, umodzi mwa mitundu inayiyi uli pakhomo pake.

Abusa akayamba kukoka, gwirani koyambako, mumvetsere. Ngati sikakugwirizana ndi mawu awo, sunthani zala zonse zitatu batani limodzi kumanja, mumvetserenso. Pofika kachinayi mwawagwira basi. Mukawagwira, kwawo kuli batani limodzi kumanja kwa chimodzi mwa zala zanu zitatuzo. Mulipeze, muzigunda lomwelo iwo akamapuma. Palibe adzadziwe kuti zina simuzidziwa. Theka la oimba limba a mu Chicago muno akudyera pomwepo.

Ndine mpongozi wanu, Lutrell Banks.

Amayi, ndatenganso pepala. Mwaona mmene amalembera ngati dokotala. Yeserani, mutiuze. Mapichesi abereka chaka chino?

Mwana wanu,
Verlean

Tallow Creek
16 Julayi 1956

Wokondedwa Verlean,

Moni. Ndathokoza kuti muli moyo. Koma wati manja amakana cholembera. Azakhali ako a Pearlie anayamba choncho, mapeto ake ukuwadziwa. Upite akakupime. Mapichesi abereka, koma mbalame zikudya ngati zinadzala nawo.

Uwathokoze a Lutrell. Dzina lachizungu lija landikanika, ine ndikungoti kotambasula. Ndimapita kutchalitchi masana ndikamaliza kumunda, anthu kulibe, n'kumayesa. Tsiku loyamba nditakweza chala chaching'ono ndinachita mantha. Kalira kake kali ngati munthu amene wayima pakhomo phazi limodzi lili m'mwamba, osalowa, osabwerera. Mtima umangoti tiye, tiye, koma osakuuza kopita. Kodi n'koyenera m'nyumba ya Mulungu? A Lutrell anakaphunzira kutchalitchi, kapena kumalo kuja amaimba Loweruka kumene iwe sufuna kundiuza?

Arzula anali kumanda akupalira pa amuna ake, ndiye anamva. Anasuzumira pazenera ndi khasu m'manja.

"Ozella, yadwala ndi piyanoyo kapena ndiwe?"

"Ndi zatsopano za ku Chicago," ndinatero.

"Uwabwezere. Akupatsa zosatha kusoka."

Koma a Lutrell sananame. Bulu wa Adikoni Mabry anali atamangidwa pampanda, ndipo atayamba kulira ndinati ndiyesere pa iye. Koyamba ayi, kachiwiri ayi, kachitatu ndinamugwira. Ndinapeza batani lake, ndipo tinayenda limodzi bwinobwino mpaka analeka. Tsiku linanso ndinagwira sitima ya katundu ikulira pa mlatho. Ndinabwerera kunyumba bondo osalimva.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi ichi. Lachinayi ndili pakati poyesa analowa Mayi Hatchett ndi maluwa a paguwa. Ndi mayi wofatsa, wa magalasi. Anayima kumbuyo kwanga n'kunena kuti, "Kameneko n'kokoma, Mayi Crume. Kamafuna kukwera." Kenako anagwira mpando wa piyano nati, "Mpandowu sukupwetekani msana?" Waona? Ayamba kale kuuyeza. Ndinayankha kuti msana wanga ndi mpandowu zinakulira limodzi.

Pa Lamulungu sindinakayese kotambasulako. Ndimaimba nyimbo za mpingo, abusa akayamba kukoka ndimapinda manja. Ndaganiza zokasunga mpaka tsiku lalikululo, chifukwa ndikayesa msanga n'kulakwitsa andichotsa tsiku lisanafike, pamene ndikadikira ndiye kuti mpando ndi wanga mpaka Ogasiti. Tsikulo ndidzagunda mwamphamvu kuti a kumbuyo amve kuti ku Tallow Creek nakonso zilipo.

Kodi mubwera? Ngati mubwera pa sitima musakhale ku ngolo yoyandikana ndi injini.

Mayi ako,
Ozella

Chicago
12 Ogasiti 1956

Okondedwa Amayi,

Moni. Manja ali bwino, sindikufa. Pepani kuchedwa, kalata yanu inakalowa m'bokosi la anthu okhala m'chipinda cha pansi pathu ndipo angoibweretsa dzana. Chaka chino sitibwera, tchuthi andikaniza. Kalatayi ndamupatsa Odell wa malemu azakhali a Pearlie pamanja, pamodzi ndi chipewa chanu chatsopano, chifukwa akunyamuka mawa ndipo afika msanga kuposa positi.

Amayi, werengani bwino apa. Nditaona mawu anu oti mudzagunda mwamphamvu, ndinawafunsa a Lutrell kuti, "Kodi munawauza Amayi kuti posaka azigwira chapansipansi?"

Iwo anati, "Zimenezo aliyense amadziwa."

"Aliyense wa kuti? Amayi ayesera pa bulu."

Tinali pakudya, ndipo anasiya foloko.

Nkhani ndi iyi. Posaka kiyi muzigwira monong'ona, khutu lanu lokha lizimva. Mukagunda kotambasulako mokweza m'busa ali pakati pokoka, kwa iye ndi chizindikiro choti akweze mawu sitepe imodzi. Oimba limba kuno amatero akafuna kutenthetsa ulaliki, ndipo m'busa aliyense amene anamverapo maulaliki a pa wailesi amakadziwa. Mukasunthanso zala kumanja, ndiye kuti mwamuuza akwerenso. Bulu ndi sitima sizisuntha, koma m'busa amasuntha. A Lutrell akuti kawiri ndi malire, katatu ndi udani.

Chonde Amayi, chapansipansi. Ndipo kotambasulako n'kwa m'tchalitchi, musavutike. Za Loweruka tidzakamba.

Mwana wanu,
Verlean

Tallow Creek
22 Ogasiti 1956

Wokondedwa Verlean,

Moni, ngati ulipo woti n'kumupatsa moni. Mwezi watha ndipo kwa iwe kuli zii. Wa positi wayamba kundibayibitsa asanafike pageti kuti ndisamufunse. Ndaganiza zinthu zitatu: uli m'chipatala chifukwa cha manja aja, kapena a Lutrell akwiya ndi funso langa la Loweruka, kapena zonse ziwiri. Ngati ndi za funsolo, uwauze kuti ndalibweza.

Alendo ayamba kufika. Ana a Mabry abwera pagalimoto lalitali lobiriwira, ati ndi lawo. Akuti Odell naye ananyamuka, koma kuno sanaoneke.

Poti simunanene kanthu pa zimene ndakonza, ndatenga kuti mwavomereza. A Lutrell akanaona cholakwika akanalemba. Zala zazolowera tsopano, ndikutha kusuntha osayang'ana. Nkhuku zitatu ndazipatula kale, zokazinga Loweruka. Sindikugona, koma zimenezo si zachilendo.

Undipempherere Lamulungu.

Mayi ako,
Ozella

Tallow Creek
28 Ogasiti 1956

Verlean mwana wanga,

Moni. Khala pansi usanawerenge. Ndikuganiza kuti ndawononga m'busa.

Tchalitchi linadzaza mpaka ena anayima m'mazenera. Kunja pansi pa mitengo matebulo anali atayalidwa, nkhuku, milamba yokazinga, chigumu, mbatata, zonse zovindikira ndi nsalu. Kunatentha moti zokupizira mphepo zija anatipatsa a kampani ya maliro zinatha, ena ankakupiza ndi mabuku a nyimbo. Adikoni onse anakhala kutsogolo, maso pa ine. Mayi Hatchett anakhala pamzere wachiwiri, chikwama pamiyendo.

Abusa analalikira za sitima yopita kwathu. Anayamba bwino, pang'onopang'ono, kunena za amene anakwera sitima kupita kumpoto ndi za sitima ina imene tonse tidzakwere, yopanda ngolo ya azungu ndi ya akuda. Anthu anayamba kuvomera. Kenako anavula magalasi, napukuta nkhope, ndipo ndinadziwa kuti nthawi yakwana.

Anakoka kuti, "Ndikuimva sitima ikubwera."

Ndinatambasula chala, ndinagunda ndi mphamvu zonse.

Abusa anatembenuka n'kundiyang'ana modabwa. Kenako anamwetulira pang'ono, nabwereza mawu omwewo, koma pamwamba pa pomwe anali. Mumtima ndinati, ayamba kuthawa. Ndinasuntha zala batani limodzi monga a Lutrell ananenera, ndinagundanso. Iwo anakweranso. Ndinasuntha kachitatu. Anakwera. Mpingo unali utayimirira tsopano, mayi wina wa ku Detroit chipewa chili pansi, iye osadziwa.

Ndinati palibe kanthu, kachinayi ndiwagwira, a Lutrell analonjeza. Ndinagunda kachinayi. Verlean, anali atadutsa kale.

Apa ndiye nzeru zinandithera. Kuleka ndinkaopa, chifukwa ndikachotsa manja adikoni aona kuti zakanika. Ndiye ndinangopitiriza kusuntha. Ine kumanja, iwo m'mwamba. Ine kumanja, iwo m'mwamba. Sitima ija inangofika pa mlatho, pasiteshoni osafika, chifukwa akati anene mawu otsatira ine ndagunda kale, iwo n'kuyambiranso kuti akuimva ikubwera. Mitsempha ya m'khosi inatuluka ngati zingwe zoyanikira zovala. Batani la kolala linaduka n'kukagwera m'mbale ya zopereka.

Anatulutsa mpango woyera n'kumandikupizira, maso ali tong'o. Abusa Gaddis akatero ankatanthauza kuti ndifulumire. Ndinafulumira.

Arzula anagwa chagada, amayi a zovala zoyera akumukupiza. Adikoni Mabry, omwe aja a kupuma, anali atakwera phazi limodzi pabenchi akufuula kuti, "Akwezeni, mlongo, akwezeni!" Ine sindinamve tanthauzo lake. Ndinkangoona kuti mabatani akumanja akutha.

Mawu a abusa anachepa, anafika ngati a mtsikana, kenako ngati ketulo ikawira, kenako anatha. Kamwa linkatseguka ndi kutsekeka, dzanja likuloza kudenga, koma kotuluka kunalibe. M'tchalitchi monse munangoti zii. Ine ndi mantha ndinathawira kwathu pa F n'kuyamba nyimbo yoitanira anthu kutsogolo. Anabwera ambiri kuposa chitsitsimutso cha chaka chatha chonse, pamodzi ndi mwana wa Mabry wa galimoto lobiriwira uja, akulira ngati wamng'ono.

Pa chakudya anthu ankati Mzimu unawatengera abusa pamwamba pomwe mawu a munthu safika. A ku Detroit anati zoterezi ngakhale kwawo sanazionepo. Koma abusa sanadye. Mayi Hatchett anawakulunga thaulo m'khosi n'kuwalowetsa m'galimoto, ndipo podutsa pomwe ndinali anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Dzulo kometera kunali kotseka. Akuti dokotala wawaletsa kulankhula.

Chomwe ndikudziwa ine n'choti kiyi yawo sindinaipeze ngakhale kamodzi. Anthu sanazindikire, koma iwo ndi akazi awo akudziwa. Adikoni akumana abusa akachira, ngati achire. Kodi munthu angamangidwe chifukwa cha khosi la m'busa? Uwafunse a Lutrell, ndipo uwafunsenso kuti kachinayi kawo kaja kanali kati.

Nkhuku zanga zinatha zonse, koma sindinalaweko.

Mayi ako,
Ozella

Chicago
3 Seputembala 1956

Okondedwa Amayi,

Moni. Kodi Odell sanafike? Ndikamuona ndimumeta ndi lezala lobuntha. Ndinakulemberani zonse, musanachite.

Simumangidwa. A Lutrell nditawawerengera kalata yanu anatsetsereka pampando mpaka pansi ndi kuseka, misozi ili mbwembwembwe, moti a pansi pathu anagogoda denga ndi tsache. Akufunsa kuti munawakweza kangati, chifukwa anzawo oimba limba sakukhulupirira. Ndawauza kuti si zoseketsa ndipo mlandu ndi wawo. Avomera, koma akusekabe.

Pitani mukapepese, munene zoona. Mutengeko uchi. Mpando ukapita upite, Amayi, mubwere mudzakhale nafe nyengo yozizira.

Mwana wanu,
Verlean

Tallow Creek
24 Seputembala 1956

Wokondedwa Verlean,

Moni kwa iwe ndi a Lutrell. Za kubwera ku Chicago nyengo yozizira usazitchulenso, ukufuna ndikafere pa siteshoni. Tayamba kutola thonje, msana ukudziwa.

Odell anafika patatha sabata ziwiri chichitikireni zinthu. Akuti anatsika ku Memphis kuti amwe madzi. Madziwo amavala diresi, dzina lawo ndi Earline. Chipewa anachikhalira, koma chiwongoka. Nditawerenga kalata yako imene anabwera nayo ndinakhala pa sitepe mpaka nkhuku zinalowa zokha. Katatu ndi udani. Nanga ine amene ndinafika kumapeto kwa piyano?

Ndinakonza uchi kuti ndipite, koma tsiku lililonse ndinkati mawa. Ndikuzengereza choncho, Lachisanu madzulo ndinangoona galimoto la abusa pageti. Anatsika onse awiri. Ndinati basi, abwera kudzatenga kiyi wa tchalitchi. Ndinawakhazika pakhonde. Abusa mawu anali atabwerako pang'ono, a manong'onong'o, moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Mayi Crume," anatero, "uthenga wanu ndinaumva."

"Uthenga uti, abusa?"

"Musandichititse kulankhula zambiri. Za mpando wanu si ine ndinayambitsa, ndi adikoni. Mukanabwera kudzandiuza kometera, osati kundipachika pamaso pa anthu a ku Detroit."

Mayi Hatchett anati, "Ndipo ine mpandowo sindiufuna. Bambowa ndimawamva akuyeserera ulaliki sabata yonse kubafa. Lamulungu ndiye tsiku langa lopuma. Ndinakufunsani za msana chifukwa ndimafuna ndikusokereni khushoni."

Ndinati, "Abusa, ine sindinkakupachikani. Ndinkakusakani."

"Kundisaka?"

"Ndimadziwa F yekha. Apongozi anga anati ndikamasuntha zala ndikupezani. Koma inu munkathawa."

"Ndinkathawa? Inu ndi amene munkandithamangitsa."

"Bwanji simunayime?"

"Ndiyime bwanji? M'busa watsopano, tchalitchi lodzaza, mayi wachikulire akundiuza pa piyano kuti kwera. Ndikanakana akanati mnyamatayu alibe mphamvu. Ndinakukupizirani mpango kuti mundichitire chifundo."

"Kuno mpango ndi wofulumiza."

Mayi Hatchett anavula magalasi n'kubisa nkhope m'chikwama, mapewa akugwedezeka. Abusa anayang'ana nkhuku.

"F," anatero. "Miyezi yonseyi vuto linali F?"

"Eya."

"Bwanji osandiuza?"

"Mukanandichotsa."

"Mayi, ine ndimameta anthu. Kiyi sindidziwa n'komwe kuti ndili pa iti, ndimangoyamba pomwe khosi lagwera. Mukamaona ndikuvula magalasi, muzigunda F wanuyo kamodzi, pang'ono, ine ndizitsikira pomwepo. Koma chinthu chija musadzachigwirenso ndili moyo."

Ndinalonjeza, ndipo uchi anatenga.

Adikoni anakumana Loweruka. Za kupuma palibe anazitchula. Adikoni Mabry anati mpando ndi wa Mlongo Ozella mpaka Ambuye adzamuitane, ndipo iwo ankadziwa kuyambira kale kuti ndili ndi mphatso. Anapempha kuti zija za pa Obwera Kwawo zizichitika Lamulungu lililonse, poti zopereka zinali zabwino. Abusa anayankha kuti zinthu za Mzimu sizilamulidwa ndi komiti.

Dzulo ndiye analalikira koyamba chichirireni. Atavula magalasi ndinagunda F, iwo anatsikira pomwepo ngati nkhunda pa chisa, ndipo tinayenda limodzi bwino lomwe. Khushoni ndi yofiirira, ya maluwa. Koma ndinaona kuti pokoka paliponse diso lawo lili pa dzanja langa lamanja. Ulaliki unatalika, dzuwa linapendeka, ana anayamba kulira njala, iwo akadali pakati. Ndiye udzudzu unandiluma pa chala chaching'ono. Ndinangochikweza kuti ndichikande pa batani lakuda lija, osagunda ayi, kungochikhudzitsa.

Abusa anadula mawu pakati, anati Ameni, nakhala pansi.

Sitinatulukepo msanga chotero chiyambire. Panja Arzula anandigwira mkono nati, "Ozella, sabata yamawa ndili ndi alendo, nyama ndidzaisiya pamoto. Chalacho chidzayabwe ikamakwana wani koloko." Adikoni awiri ananenanso zomwezo, aliyense payekha, ndipo Mayi Hatchett podutsa anangoti nthawi yabwino ndi hafu pasiti thwelofu.

Tsopano sindikugonanso. Ndinalonjeza kuti sindidzagwira, koma za kukanda sitinapangane. Uwafunse a Lutrell ngati ndi tchimo, ndipo yankho ulitumize pa positi.

Ndine mayi ako,
Ozella Crume